Liwu Lakuti "Tradicional" Labisa Anthu Angati?

Nyimbo zambiri zimene acinyamata a kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga akujambula masiku ano zimafika ku wailesi zili ndi liwu limodzi pamalo polemba dzina la wopeka: tradicional. Liwuli ndi la Cipwitikizi, koma lazolowereka mpaka ana asukulu amalinena. Limalembedwa pa cikuto ca CD, pansi pa kanema wa pa YouTube, ndiponso pa kapepala kamene woimba amabwera nako pamodzi ndi memore yake. Kwa iwo tanthauzo lake ndi lakuti nyimboyi ndi ya makolo, ilibe mwini, sindinapemphe kwa munthu ndipo palibe amene adzandifunse. Ine ndimaulutsa pologalamu ya nyimbo za kwathu, conco nyimbozi ndimazimva zisanafike kwa inu. Ndikufuna kutsutsana ndi liwuli. Za lamulo ndinena, koma cimene cimayamba kundipweteka ndi khutu, cifukwa nyimbo zobwera ndi liwu limeneli kawirikawiri zimakhala zosakolera.

Tengani nyimbo ya cintali monga imaimbidwira pabwalo. Mayi mmodzi amayambitsa, anzake amavomera, ndipo woyambitsayo sabwereza mawu omwewo kawiri m'njira imodzi. Amakoka pano, amafupikitsa apo, amalowetsa dzina la munthu amene wangofika, ndipo ovomera amamudikira kapena kumuthamangira malinga ndi mmene wapumira. Ikalowa mu situdiyo, mnyamata mmodzi amaimba zonse yekha. Ayambitsa yekha, kenaka abwereza tepi nkudzivomera yekha katatu. Mawu amamveka ambiri koma mtima ndi umodzi, ndipo kukokana kuja kumene kumacititsa cintali kukhala cintali kwatha. Pansi pake aikapo ng'oma ya pa kiyibodi imene imagunda cimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Aliyense amene anaonerapo gule amadziwa kuti woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a cilombo. Cikaponda iye amenya, cikazengereza iye adikira. Makina sayang'ana mapazi a munthu aliyense.

Pali cinanso cimene ambiri sacizindikira. Bangwe, kalimba ndi valimba sizichunidwa monga kiyibodi, ndipo mawu a agogo athu amatsata machunidwe awoawo. Pologalamu ya pa kompyuta yowongola mawu ikapeza liwu limene lili pakati pa mabatani awiri a kiyibodi, imaliyesa lolakwa nkulikankhira ku batani lapafupi. Zotsatira zake nyimbo ya pamtondo imatuluka ikumveka ngati korasi ya Lamulungu m'mawa. Nanga mawu? Amasunga kavomeredwe kokha cifukwa nkosavuta kukumbukira, ndime zokuluwika amazitaya poti sanazimvetse, ndipo m'malo mwake amaikamo mawu acikondi a Cingelezi kapena a Cipwitikizi. Ndamvapo nyimbo yodandaula za mkazi wamasiye wolandidwa munda itasanduka yovinira pa ukwati, oimba akumwetulira m'kanema.

Zolakwa zonsezi gwero lake ndi limodzi. Woimbayo nyimbo anaitola m'malere, pa foni ya mnzake kapena pa mwambo umene anangodutsapo, ndipo sanakhalepo pansi ndi amene amaidziwa. Akanapita kukapempha, akanauzidwa kuti ndime iyi imabwera pambuyo pa iyi, liwu ili si ilo mukuliganiza, ndipo nyimboyi siimbidwa anthu akuseka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ulendo wokapempha cilolezo ndi womwewonso wokaphunzira nyimbo, ndipo amene walumpha woyambawo walumphanso waciwiri. Ndikamvetsera nyimbo kwa mphindi imodzi ndimatha kudziwa ngati woimba anafika kumudzi kapena ai.

Tsono tifunse, kodi nzoona kuti nyimbo zimenezi ndi za makolo? Zina inde. Koma zambiri ndi zazing'ono kuposa ine. Nyimbo za pamtondo zimapekedwa ndi mayi mmodzi amene ali ndi nkhani yake, mwina mwamuna wapita ku Tete osatumiza kanthu, mwina mkazi mnzake wa pamitala akumunena. Anzake aigwira, ifika pa cinamwali ca mudzi wina, ipita ndi mkwatibwi kutsidya kwa mtsinje, ndipo pakangotha dzinja ziwiri anthu a kumeneko akuti ndi yakalekale. Nyimbo zina zimanena zokha msinkhu wake. Ikachula cibalo, kapena amuna opita ku migodi ndi WENELA, mukudziwa nyengo yake. Ikachula ufa ndi nandolo zolandira pa mzere, kapena moyo wa m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, singakhale yakale kuposa zaka za m'ma 1980. Ikanena za kubwerera kumudzi nkupeza mabwinja, ndiye kuti inapekedwa pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Amene anapeka nyimbo zotere ambiri ali moyo, akulima mbatatesi ku Domwe kapena akugulitsa tomato pa msika wa Ulongwe. M'dziko lathu lino nyimbo imatetezedwa moyo wonse wa woipeka ndiponso zaka 70 iye atamwalira. Lamulo silinena kuti wopekayo akhale wodziwa kulemba, kapena kuti akhale ndi gitala.

Nkhani yodziwika kwambiri ya liwu limeneli inacitikira ku South Africa, ndipo woimba aliyense ayenera kuidziwa. Mu 1939 Solomon Linda, Mzulu, anajambula nyimbo yochedwa Mbube ndi gulu lake la Evening Birds ku kampani ya Gallo ku Johannesburg. Analandira ndalama yocepa kwambiri, zimanenedwa kuti masheleni khumi, ndipo anagwira nchito yolongedza malekodi pa kampani yomweyo. Lekodiyo inafika ku America m'manja mwa Pete Seeger, amene ndi gulu la The Weavers anaiimba ndi dzina lakuti Wimoweh kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Inatengedwa ngati nyimbo ya makolo a Azulu, yopanda mwini. Mu 1961 gulu la The Tokens linaitulutsa ndi mawu a Cingelezi pa dzina lakuti The Lion Sleeps Tonight, ndipo inamveka dziko lonse. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka. Mu 1994 nyimboyo inalowa mu kanema wa The Lion King. Mtolankhani Rian Malan analemba nkhani yonse mu magazini ya Rolling Stone m'caka ca 2000, mlandu unalowa m'khoti, ndipo mu 2006 ndi pamene panakhala mgwirizano wakuti banja la Linda lizilandira gawo lake. Kuyambira 1939 mpaka 2006 ndi zaka 67.

Tikamva nkhaniyi timakonda kupukusa mitu nkunena kuti azungu ndi akuba. Koma onani bwino cimene cinacitika. Anthu a ku New York anamva nyimbo yocokera kutali, m'cinenero cimene sadziwa, nkuganiza kuti anthu akumudzi sapeka nyimbo, amangoimba zimene anazipeza. Mnyamata wa m'tauni amene walemba tradicional pa nyimbo ya mayi wa ku Furancungo ali ndi ganizo lomwelo, kungoti iye mtunda wake ndi wa njinga yamoto, ndipo cinenero ndi cake comwe.

Palinso mwini wina amene amaiwalika, mwini wa cojambulidwa. Ngakhale nyimbo itakhala yakale zedi, tepi imene munthu anaijambulapo ili ndi mwini wake payokha. Izi zayamba kutikhudza tsopano pamene acinyamata akupeza pa intaneti nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula, nkudulako kacidutswa kuti aike pansi pa nyimbo zawo. Tracey anayenda maiko ambiri a kuno kum'mwera ndi pakati pa Africa ndi makina ojambulira. Analemba buku la oimba timbila a Acopi limene linatuluka mu 1948, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anajambula nyimbo zambiri za Acewa ndi Amang'anja ku Nyasaland. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili ku Rhodes University. Malekodi ake a Sound of Africa ndi oposa 200. Mwana wake Andrew Tracey anaphunzira ndi kulemba za gule wa nyanga wa Anyungwe a ku Tete. Amene akufuna kugwiritsa nchito zojambulidwa zimenezi mu nyimbo yogulitsa ayenera kupempha kumeneko.

Ine pa Tracey ndili ndi mitima iwiri. Cimandiwawa kuti mawu a agogo athu anakakhala zaka makumimakumi m'mashelefu a dziko lina, eni ake osawamvanso, mpaka zaka zaposacedwapa pamene nyumbayo yayamba kubweza makope kumadera kumene nyimbozo zinacokera. Cimandiwawanso kuti mdzukulu ayenera kulemba kalata ya Cingelezi kuti aloledwe kugwiritsa nchito liwu la agogo ake. Koma pali cinthu cimodzi cimene munthu ameneyu anacita bwino kuposa ife. Pa nyimbo iliyonse ankalemba khadi: woimba ndani, kapena wotsogolera gulu ndani, kumalo kuti, cinenero canji, coimbira canji, nyimbo ikunena ciyani. Cifukwa ca makhadi amenewo lero kubweza nkotheka, poti pali dzina ndi malo oyambira kufunsa. Mzungu wa nthawi ya atsamunda analemba maina, ife a ufulu wathu tikulemba tradicional. Munthu wodzafufuza nyimbo zathu zaka 70 zikubwerazi adzapeza zambiri pa makhadi a 1950 kuposa pa ma CD a caka cino.

Nanga nyimbo imene ilidi yakale, yakuti ngakhale nkhalamba ya m'mudzi ikuti inaipeza, lamulo likuti ciyani? Anthu ambiri amadabwa akamva kuti silinena kuti ndi ya aliyense. Lamulo nambala 4/2001 la pa 27 Febuluwale, limene linagwira nchito mpaka pamene linalowedwa m'malo ndi nambala 9/2022, linaika umwini wa zimene limazichula kuti folclore m'manja mwa Boma kudzera ku Conselho de Ministros, nkusiyira gawo lawo amene anasonkhanitsa, kulemba kapena kukonzanso, malinga ngati anaikapo luso lawo ndipo sanapotoze ciyambi cake. Ku Malawi nakonso lamulo limati zimenezi ndi za Boma m'malo mwa anthu, mpaka kalekale. Colinga cake ndi cabwino, kuti mlendo asabwere kudzakolola kwaulere. Koma werengani mawuwo kawiri muone amene akusowamo. Boma lilimo. Wosonkhanitsa alimo. Wokonzanso alimo. Namkungwi amene anaisunga nyimboyo m'mutu zaka 50 nkuiphunzitsa kwa atsikana a midzi isanu mulibe. Wofika ndi foni tsiku limodzi ali ndi malo m'lamulo, woisunga moyo wonse alibe.

Ndiponso malire amasokoneza zonse. Nyimbo yomweyo imaimbidwa ku Calomue ndi ku Dedza, ku Cassacatiza ndi ku Chanida. Kumapeto kwa Ogasiti caka ciliconse magule a maiko atatu amakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe amene amafunsa kuti nyimbo iyi ili ndi ciphaso ca dziko liti. Koma pa pepala nyimbo imodziyo ndi ya Maputo, ndi ya Lilongwe. Lamulo linalembedwa ndi anthu oganiza za maiko, pamene nyimbo zimayenda ndi maukwati ndi maliro.

Ndipo pali nyimbo zimene ngakhale nduna itasaina pepala, cilolezo sicinapezeke. Za kudambwe, za m'tsimba, ndi zina za pamaliro zili ndi eni ake ozidziwa, ndipo eni akewo ali ndi mphamvu yokana. Ndamvapo acinyamata akunena kuti popeza UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala cuma ca anthu onse mu 2005, pamodzi ndi timbila, ndiye kuti zonse zatseguka. Cilengezo cija cinali copempha maiko atatu kuti ateteze gule, sicinasamutse umwini kucoka kwa mafumu ndi akuluakulu a dambwe. Zimene zimaimbidwa pabwalo, pamaso pa amayi ndi ana, nzina. Zimene zimaimbidwa kumene osavinidwa safikako nzinanso. Nyimbo ya mtundu waciwiriwu inandifikapo itaikidwa pa ng'oma za kiyibodi, woimba akuti anthu aikonda cifukwa ndi yacilendo. Sindinaiulutse. Tsiku limene ikanamveka pa wailesi, woyamba kuitanidwa kwa anyakwawa ndikanakhala ine, ndipo akanakhala akulondola.

Tibwere ku ndalama, poti ena amati bwanji kuvutika, nyimbo za kuno sizilemeretsa munthu. Kale zinali zoona ndithu. Koma njira za ndalama zasintha. Bungwe la SOMAS kuno, COSOMA ku Malawi ndi ZAMCOPS ku Zambia amatolera ndalama kwa ogwiritsa nchito nyimbo nkugawira amene analembetsa. Sangagawire munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Woimba akalembetsa kuti nyimbo ndi ya makolo ndipo iye ndiye anaikonza, iye yekha ndiye munthu wodziwika pa nyimboyo. Ena sazengereza nkomwe, amangolemba kuti anapeka ndi iwo. Pa intaneti ndiye zafika pena. YouTube ili ndi makina ochedwa Content ID amene amayerekeza kanema aliyense watsopano ndi nyimbo zimene zinalembetsedwa kale. Makinawo sadziwa mbiri, amangodziwa amene anafika poyamba. Conco ngati wina anadula kacidutswa ka amayi akuimba pabwalo nkuika mu nyimbo yake yolembetsedwa, nzotheka kuti tsiku lina mwana wa mmodzi wa amayiwo aike kanema wa mayi ake enieni, makina nkumuuza kuti mawuwo ali ndi mwini wina.

Anzanga oimba ali ndi madandaulo awo, ndipo si opanda pake. Amati ukangoonetsa kuti ukufuna nyimbo, akuluakulu amayesa wabwera ndi cuma ca ku Maputo nkuchula mbuzi, pamene iwe ndalama ya situdiyo yokha unacita kukongola. Amati ukafunsa wopeka, amayi atatu a midzi itatu aliyense akuti ndine. Amatinso nyimbozi zikufa, atsikana a lero sasinja pamtondo poti zigayo zili paliponse, ndiye kuli bwino kuzijambula molakwika kusiyana ndi kuzisiya zipite ndi eni ake kumanda. Mfundo yomalizayi ndi yamphamvu ndipo ndimaivomereza theka. Nyimbo imene saiimbanso yafadi. Makolo athu nawonso ankabwerekana nyimbo, kusintha mawu, kutenga ya kwa Angoni nkuiimba Cicewa, ndipo makwaya a m'machalichi atenga maimbidwe ambiri a pabwalo. Kubwereka sikunayambe lero. Cimene cayamba lero ndi cakuti wobwereka akulemba dzina lake pa cobwerekaco nkutseka citseko. Mayi wa mudzi wina akatenga nyimbo ya mnzake, mnzakeyo sataya kanthu, mawa aiimbanso. Wolembetsa amatenga cinthu cimene sicibwereranso.

Za amayi atatu okangana zija, ine ndimaona kuti ndi mwayi. Zikutanthauza kuti mwafika pafupi ndi gwero, ndipo mukawakhazika pamodzi mudzamva ndime zitatu zosiyana zimene simukanazidziwa. Lembani onse atatu. Za mbuzi, ndaona kuti mtengo umakwera pamene wopempha wabisa colinga cake, kapena wabwera nyimbo itatuluka kale, anthu ataimva pa wailesi. Wofika poyamba, nkudzera kwa anyakwawa monga mwa mwambo, nkunena poyera kuti ndili ndi zakuti ndipo ndikufuna kucita zakuti, kawirikawiri amapemphedwa zinthu zimene angathe: dzina lichulidwe, mudzi uchulidwe, nyimbo ikatuluka abwere nayo adzaimve, ndipo ikabala kanthu asaiwale.

Kufufuza kwake sikufuna loya. Funsani amene munamumva akuimba kuti anaiphunzira kwa yani, mupite kwa ameneyo mufunsenso cimodzimodzi, mpaka mufike pa munthu wonena kuti ndinapeka ndine, kapena pa nkhalamba zogwirizana kuti tinaipeza. Funsani ngati ndi yololedwa kumveka paliponse, ndipo funso limeneli lipite kwa oyenera, za amayi kwa anamkungwi, za gule kwa akuluakulu a gule. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'Cinyanja, osati m'Cipwitikizi cimene mwini nyimbo sangawerenge, ndipo ziwerengedwe mokweza pamaso pa mboni. Ngati kulemba kuli kovuta, foni yomweyo imene mukujambulira nyimbo ijambulenso mwini wake akunena ndi pakamwa pake zimene walola ndi zimene wakana. Pepalalo linene ngati mukuloledwa kusintha mawu, kugulitsa, kuika pa intaneti, ndi gawo limene mwini adzalandira. Mukatero ndiye mupite kukalembetsa, mutanyamula maina onse, ndipo mukafunse ku ofesi ya zacikhalidwe ya m'boma lanu zimene lamulo latsopano likufuna pa nyimbo za makolo.

Kumbali yanga, pa pologalamu yanga ndinaika lamulo laling'ono. Nyimbo yolembedwa tradicional pokha ndimailandira, koma imadikira mpaka woimba andiuze mudzi umene inacokera ndi munthu amene anamuphunzitsa, ndipo maina amenewo ndimawachula pa wailesi nyimbo isanayambe. Ena amakwiya nkupita nayo kwina, poti mawailesi ndi ambiri ndipo WhatsApp safunsa mafunso. Ena amabwerera patapita sabata ziwiri kapena zitatu. Mmodzi anabwera ndi maina awiri ndi pempho lakuti ndifufute nyimbo imene anandisiyira poyamba. Azakhali a mnzake, amene anapezeka kuti ndiwo anaipeka nthawi ya kumisasa, anamuuza kuti waimba ndime yaciwiri mobwerera kumbuyo ndipo wasiya dzina la mwana amene nyimboyo inkamulira. Anaijambulanso mayiwo akuyambitsa okha, iye ndi anzake akuvomera, kiyibodi itatsitsidwa pansi kwambiri. Ndi yaitali kuposa yoyamba ndi mphindi ziwiri, ndipo pakati pake mawu a mayiwo amasasa pang'ono. Wa situdiyo anafuna kuwongola pamenepo ndi kompyuta, mayiwo anakana.